Manotsi a Benedeta

Sukulu itangotsekera kumayambiriro kwa Ogasiti, Saulosi anapita kunyumba kwa aphunzitsi aakulu, a Kachiwanda, kukapempha kiyi wa chipinda cha aphunzitsi. Anawapeza pakhonde akuswa mtedza m'lichero. Anawafotokozera zimene ankafuna kuchita ndi kompyuta yakale imene inkangokhala m'chipindamo, ndipo iwo anamvetsera mpaka kumapeto, ngakhale zinkaoneka kuti theka la nkhaniyo likungowadutsa. Anangofunsa ngati kompyutayo singapse, popeza abungwe amene anaipereka aja ankabwera mwa apo ndi apo kudzaiona. Saulosi anati singapse. A Kachiwanda anakung'untha makoko pamiyendo, nalowa m'nyumba, natuluka ndi kiyi womangirira kukathabwa.

Saulosi sanali mwana wa m'mudzimo. Kwawo kunali ku Kasiya, ndipo kuno, kufupi ndi Nsaru, anabwera ngati mkamwini. Mkazi wake Benedeta ankaphunzitsa bayoloje ndi zaulimi pasekondale yoyendera ya m'deralo, pamene iye ankagwira ntchito ku Lilongwe pakampani ina yoika ndi kukonza makompyuta m'maofesi. Ankabwera kumudzi kumapeto kwa mwezi, nthawi zina kudumphitsa. Anakhala choncho zaka khumi ndi chimodzi. Benedeta atayamba kudwala kwambiri, Saulosi anasiya ntchito mu Novembala kudzamusamala, koma mu Febuluwale, mvula ili pakati, anamuika m'manda.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Tamanda, wa zaka zisanu ndi zinayi, anapita kukagona kwa a Joyce, mkulu wake wa Benedeta, pa masiku a maliro. Ankati n'kwa kanthawi chabe, koma miyezi isanu ndi umodzi inatha zovala zake zikusamuka chimodzichimodzi. A Overton, amalume ake a Benedeta, amene anali mwini mbumba, anali atanena kale kuti mwambo wosudzula udzachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, anthu atamaliza za fodya, ndipo ukadzatha Saulosi adzakhala womasuka kubwerera kwawo. Palibe amene anamuthamangitsa kapena kumuyankhula mwano. Ankamupatsa moni bwinobwino, ndipo a Joyce ankamutumizira ndiwo. Kungoti akafika pamene amuna akhala, nkhani inkasintha, ndipo za munda umene ankalima ndi mkazi wake anthu ankakambirana ngati iye wapita kale.

Panali chinthu chimodzi chimene Benedeta anamupempha kwa zaka zinayi. Sukuluyo inali ndi ana opitirira mazana atatu, koma mabuku a bayoloje anali anayi okha. Benedeta ankalemba manotsi ake palaputopu yakale, zithunzi za mtima, impso ndi tsamba n'kumazijambula pamanja kenako kuzitola ndi foni. Ankafuna kuti ana aziwerenga zonsezo pamafoni a makolo awo popanda kugula bandulo. Saulosi anamuuza kuti imeneyo ndi ntchito yochepa, ya masiku awiri. Pamafunika kompyuta imodzi yoti ikhale seva, ndiye kuti yosunga zinthu n'kumazipereka kwa aliyense wopempha, ndi karauta kotumiza netiweki pabwalo la sukulu. Karautako anagula ndithu, n'kukasiya m'kabati. Benedeta akamukumbutsa, iye ankati mwezi wamawa.

Lolemba m'mawa anatenga karautako, bokosi la zipangizo ndi pampu ya njinga, napita kusukulu. Panalibe munthu. Mbuzi zinali zitagona pakhonde la Fomu 2, ndipo mphepo inkagwedeza lata limodzi lomwe linazuka msomali. M'chipinda cha aphunzitsi munkanunkha choko ndi mileme. Tebulo la Benedeta linali pafupi ndi zenera, ndipo munthu wina anali ataikapo mulu wa mapepala a mayeso. Saulosi analilambalala, nakagwada pakona pamene panali kompyuta, yofunditsidwa mapu akale a dziko.

Ataitsegula anapeza fumbi lochita kuumbika, ndipo mavu anali atamanga kachisa ka dothi pafupi ndi fani. Anatulutsa bokosi lonselo panja, nalipopa ndi pampu ya njinga mpaka anayamba kuyetsemula. Kenako analumikiza ku inveta ya sola, nadina batani. Fani inazungulira. Anapuma mpweya wautali, chifukwa ikanakana panalibe kwina kotenga ina.

Mufulashi yake munali Linux, pulogalamu yoyendetsa maseva, imene anaikopera sabata yathayo ku Nsaru, atakhala pakhonde la golosale ina tsiku lonse chifukwa kumeneko netiweki imagwira bwino. Anaibaya, nayatsanso kompyuta. Sikirini inadzaza ndi malemba okhaokha, opanda zithunzi, opanda pogwiritsa ntchito mausi. Inamufunsa chiyankhulo, inamufunsa mtundu wa kiyibodi, inamufunsanso ngati akuvomera kufufuta zonse zimene zinali m'kati. Anavomera. Ntchito imeneyi anaigwirapo kambirimbiri m'tauni, koma nthawi zonse pankakhala anzake akukangana za mpira, wina akupempha sikuludiraiva, wina akuitana tiyi. Pano anangozindikira kuti akuyankhula yekha, kufotokoza sitepe iliyonse mokweza ngati pali wina amene akuphunzira. Anasiya, koma patapita nthawi pang'ono anayambanso.

Kenako inamufunsa dzina loti aipatse makinawo. Anayang'ana kutebulo la pazenera lija, kenako analemba kuti sukulu, napitirira. Dzuwa likamapendeka n'kuti zonse zitalowa, ndipo pasikirini yakuda panali kamzere koyera kakuphethira, kudikira kuti alembe. Anatseka chitseko, nabwerera kunyumba, nakaphika mbatata zimene anadya ataimirira.

Tsiku lachiwiri linamuvuta. Kuti atenge pulogalamu yopereka masamba owerenga pafoni, kompyutayo inkafunika intaneti, ndipo m'chipinda chonsecho netiweki inkagwira pazenera limodzi lokha. Anaika foni yake pamenepo, pamwamba pa bokosi la choko, nailumikiza ndi chingwe chachitali. Atalemba lamulo loti makinawo atenge mndandanda wa mapulogalamu atsopano, anakana. Ankati mndandandawo sunayambe kugwira ntchito, nthawi yake sinakwane. Saulosi anawerenga kawiri, kenako anafunsa makinawo tsiku. Anamuyankha chaka chakalekale, Tamanda asanabadwe. Kabatire kakang'ono kam'kati, kamene kamasunga nthawi kompyuta ikazima, kanali katatha.

Akanatha kungokonza tsikulo pamanja n'kupitiriza, ndipo kwa mphindi zingapo anaganiza zotero. Koma ankadziwa kuti magetsi a sola akadzangotha tsiku la mitambo, makinawo adzaiwalanso, ndipo iye sadzakhalapo kuti awakumbutse. Anachotsa kabatireko, kobulungira ngati batani la jekete, nakaika m'thumba la shati, napalasa njinga kupita ku Nsaru.

Linali tsiku la msika. Anafunsa m'mashopu atatu a zamafoni osapeza, mpaka wina anamulozera kwa bambo wogulitsa mawotchi ndi marimoti a njinga zamoto pathebulo pafupi ndi pokwerera maminibasi. Bamboyo anakhuthula kachitini, nasankhasankha, nakapeza. Saulosi akukankha njinga potuluka mumsika, anakumana ndi mayi wina wa chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, amene ankaimba limodzi ndi Benedeta. Mayiyo anatula dengu, namupatsa moni mwaulemu wonse, namufunsa za Tamanda. Pomaliza anati, “Kodi mudakali konkuno eti? Ine ndimayesa munapita kale.”

Sananene mwachipongwe, ndipo Saulosi anadziwa zimenezo. Anayankha kuti atsala ndi masabata atatu. Ulendo wobwerera anapalasa pang'onopang'ono, mphepo ikumuomba kumaso, utsi wa minda yotenthedwa ukudutsa mumsewu.

Lachitatu zinthu zinayamba kuyenda. Nthawi itakhala m'malo mwake, analemba lamulo loika Apache, pulogalamu imene imachititsa kompyuta kupereka masamba kwa ofuna kuwerenga. Netiweki inaduka katatu. Ulendo uliwonse ankadzuka, kusuntha foni pang'ono pabokosi la choko, kudikira, n'kuyambiranso. Itamaliza, anapatsa sevayo adiresi yosasintha, manambala anayi olekanitsidwa ndi madontho, kuti mwana akaloweza lero asadzapeze kuti mawa asintha. Anatseka makomo onse olowera m'makinawo, nasiya lotsegula limodzi lokha la masamba, la nambala 80. Kenako anakwera patebulo, nakhomera karauta kukhoma pamwamba pa zenera, tinyanga take titaloza kubwalo.

Anatenga foni, nailumikiza kunetiweki yatsopanoyo, nalemba manambala aja. Tsamba linatseguka nthawi yomweyo. Linali tsamba wamba lomwe pulogalamuyo imabwera nalo, longonena kuti zonse zikugwira ntchito. Saulosi anaimirira, foni ili m'manja, natembenuka ngati akufuna kuonetsa munthu. M'chipindamo munali mipando yokha.

Anatuluka panja kukayesa kutalika kwa netiwekiyo. Anayenda pang'onopang'ono maso ali pafoni, kudutsa Fomu 1, kudutsa pamene ana amafolera m'mawa, mpaka pansi pa mitengo ya bulugama. Kumeneko tsamba linkatsegukabe. Atafika pamjigo linayamba kuchedwa, ndipo pagolo la bwalo la mpira linakaniratu. Anabwerera masitepe khumi, linatseguka. Amayi awiri amene ankatunga madzi anamuyang'ana akuyenda chopita ndi chobwerera.

Chotsala chinali laputopu ya Benedeta. Kuyambira Febuluwale inali m'chikwama chake pansi pa bedi, ndipo Saulosi sanaigwirepo. Lachinayi anainyamula. Pasiwedi ankaidziwa, linali tsiku lobadwa la Tamanda. Pofuna kuti asakhalitse akuyang'ana m'menemo, anakopera foda yonse ya sukulu nthawi imodzi, naiika m'malo amene seva imatenga masamba. Atayesa pafoni, inamuyankha kuti saloledwa kuona zimenezo.

Anataya ola lathunthu akufufuza kolakwika, kutsegula mafayilo a makonzedwe, kuwerenga mzere ndi mzere, kuzimitsa pulogalamu ndi kuiyatsanso. Atapeza vutolo anachita manyazi ngakhale panalibe womuona, chifukwa ndi chinthu chimene iye mwini ankadzudzula nacho anzake atsopano kuntchito. Mafayilowo anali olembedwa kuti mwini wake yekha ndiye angawerenge, ndipo pulogalamu yopereka masamba inalibe chilolezo. Anasintha zilolezozo ndi mzere umodzi. Mndandanda wautali wa mafayilo unatulukira pafoni.

Apa m'pamene anaona kuti sangazisiye choncho. Benedeta ankatcha mafayilo ake mmene mutu wamuuzira. Panali impso, impso zatsopano, impso zomaliza, ndi impso zomalizadi. Mwana wa Fomu 3 sakanadziwa koyambira. Saulosi anayenera kutsegula fayilo iliyonse, kuona kuti ndi ya kalasi iti, kusankha yokwanira, n'kuipatsa dzina lomveka. Anagwira ntchito imeneyi masiku asanu. Ankafika m'mawa, kutsegula mazenera, kukhala pansi ndi kuwerenga za kagayidwe ka chakudya, za matenda a nkhuku, za kasinthasintha wa mbewu. M'manotsimo Benedeta ankalemba Chingerezi, koma pofika pamene ankadziwa kuti ana amasokonezeka, ankaponyapo mzere wa Chichewa. Pena analemba kuti, apa musathamange, ambiri mumagwa pomwepa. Saulosi ankamva mawu ake enieni, mmene ankakwezera pomaliza chiganizo.

Tsiku lachisanu la ntchito imeneyi anafika pafoda yotchedwa zina. Munali ndondomeko ya mayeso, mayina a ana a kwaya, ndi makalata atatu. Anatsegula yoyamba akuyesa kuti ndi ya sukulu. Inali kalata yopita ku ofesi ya zamaphunziro, yopempha kuti amusamutsire kusukulu ina iliyonse ya mumzinda wa Lilongwe. Chifukwa chake analemba mwachidule, kuti mwamuna wake amagwira ntchito kumeneko ndipo akufuna banja likhale pamodzi. Yachiwiri inali ya chaka chotsatira, mawu ake omwewo. Yachitatu inali ya chaka chathachi, miyezi inayi asanayambe kudwala.

Saulosi anayang'ananso madeti a makalatawo. Kwa zaka zambiri ankamupempha Benedeta kuti asamukire m'tauni, ndipo iye ankangoseka n'kufunsa kuti nanga ana awa awaphunzitse ndani. Pa Khirisimasi ina anakangana zenizeni. Saulosi anamuuza kuti amakonda abale ake kuposa mwamuna wake, ndipo kuti iye m'banjamo ndi mlendo wobwera kumapeto kwa mwezi. Benedeta anangopitiriza kupeta mpunga. Kalata yoyamba ija inalembedwa masabata awiri pambuyo pa Khirisimasi imeneyo.

Kenako anakumbukira kuti anakopera foda yonse, kutanthauza kuti makalatawo anali paseva, poti aliyense wodutsa ndi foni akanatha kuwatsegula. Anawachotsa msanga, nawasunga mufulashi yake. Sanathenso kugwira ntchito tsiku limenelo. Anatseka chipinda dzuwa lili pamutu, natsetsereka kudimba kwa a Joyce.

Anawapeza akuthirira mpiru. Atamuona anatula kheni, napukuta manja pachitenje. Saulosi sanazungulire, anawauza zimene wapeza.

“Ndinkadziwa, alamu,” anatero a Joyce. “Yachiwiriyo ndinamuperekeza ndine ku Nsaru kokasindikiza.”

“Nanga bwanji sanandiuze?”

“Ankati adzakuuzani zikatheka. Yankho linabwera kamodzi, lakuti m'tauni aphunzitsi ndi ambiri kale, adikire. Ndiye anati kukuuzani n'kukupatsani chiyembekezo cha chinthu choti mwina sichichitika.”

Saulosi anafunsa ngati amalume ankadziwa. A Joyce anati ayi, ankadziwa ndi iwo okha, ndipo Benedeta anawalumbiritsa. Anaonjeza kuti mng'ono wawoyo anali wouma mutu kuyambira ali mwana, wosafuna kuoneka kuti wagonja pamkangano ngakhale atagonja kale mumtima. Ananena zimenezi akumwetulira pang'ono, koma maso awo anali atafiira. Kenako anatola kheni yawo, chifukwa madzi a m'chitsime ankatha msanga masiku amenewo, ndipo oyandikana nawo ankadikira.

Pobwerera anadzera kunyumba kwa a Joyce. Tamanda ankasewera fulaye ndi asuweni ake kuseri kwa nkhokwe. Atamuona anathamanga kudzamupatsa moni, thukuta lili kumaso, namuuza kuti gulu lawo likupambana. Saulosi anamukonza kolala ya diresi. Anzake anamuitana kuti ndi nthawi yake yolowa, ndipo mwanayo anayang'ana bambo ake ngati akupempha chilolezo. Anamuuza kuti apite.

Sabata yomaliza anaithera poyesa makinawo ngati munthu amene sadzabweranso. Analemba tsamba loyamba losavuta, la mizere inayi ikuluikulu, Fomu 1 mpaka Fomu 4, kuti litseguke ngakhale pafoni yotchipa. Anakonza kuti kompyutayo iziyaka yokha magetsi akabwerera, ndiponso kuti pulogalamu ya masamba iziyamba yokha popanda wolemba lamulo lililonse. Kenako anayamba kuizimitsa mwadala. Ankasolola pulagi kukhoma, kuwerenga mpaka makumi awiri, kubwezera, n'kudikira ndi foni m'manja. Anachita zimenezi kasanu ndi kawiri, ndipo kasanu ndi kawiri tsamba linabwerera. Anachotsa sikirini ndi kiyibodi n'kuziika m'kabati, kuti wina asayesedwe kuseweretsa. Pakatoni ya sopo analemba ndi cholembera cha maka malangizo asanu a zoyenera kuchita tsamba likakana, naikhomera kukhoma.

Lachinayi anaitana a Kachiwanda. Anabwera ndi foni yawo ndi magalasi. Saulosi anawalumikiza, nawauza kuti alembe okha manambala aja kuti azolowere. Analakwitsa kawiri, kachitatu tsamba linatseguka. Anadina Fomu 3, kenako mtima. Chithunzi chojambula pamanja chinatulukira, mivi yofiira ndi yobiriwira, mayina olembedwa mopendekera kumanja. A Kachiwanda anachiyang'ana nthawi yaitali, nachikulitsa ndi zala ziwiri.

“Dzanja lake ndi lomweli,” anatero.

Anavula magalasi, nafunsa kuti zikadzavuta adzaitane ndani. Saulosi anawalozera katoni ija, nati pansi pake walembapo nambala yake. Anawabwezera kiyi. A Kachiwanda anamuthokoza m'dzina la sukulu, ndi mawu aatali ngati a pamsonkhano wa makolo, kenako anamugwira dzanja kachiwiri.

Mwambo wa Loweruka sunatenge nthawi. Kuchokera ku Kasiya kunabwera a Joseph, mkulu wake wa Saulosi, amene anali nkhoswe ya ukwatiwo. Anthu anakhala pansi pa mtengo wa mango, amuna pamipando, amayi pamphasa. Mkulu wa mpingo anapemphera. A Overton anayankhula bwino, kuti mkamwini wawo anasamala mwana wawo mpaka tsiku lomaliza, kuti alibe naye mlandu, ndipo kuti kuyambira tsiku limenelo ndi womasuka. Za Tamanda anati apitirize sukulu pomwepo ali m'manja mwa a Joyce, bambo ake azibwera kudzamuona nthawi iliyonse imene afuna. A Joseph anayang'ana mng'ono wawo kuti mwina anenapo kanthu. Saulosi analibe ntchito, analibenso nyumba yoti akamugoneke mwanayo, choncho anavomera.

Katundu wake anakwana panjinga zamoto ziwiri. Laputopu anaisiya kwa a Joyce kuti adzamupatse Tamanda akadzakula pang'ono. Mwanayo anamuperekeza mpaka pamsewu atagwira lamba wa chikwama, ndipo anafunsa kuti abwera liti. Anamuuza kuti akadzatsekera. Tamanda anati sanatsegulire n'komwe. Wanjinga anali ataliza kale injini.

Ku Kasiya anapeza kuti nyumba ya malemu mayi ake inagwa denga zaka ziwiri zapitazo. Mlongo wake Selina anamukonzera kachipinda kosungiramo matumba a chimanga, nasunthira matumbawo mbali imodzi kuti pakwane mphasa ndi matiresi. Ana a m'mudzimo sankamudziwa, ndipo akuluakulu ankamutchula kuti a ku Lilongwe aja. Anatumiza mauthenga kwa anzake akale a kuntchito kufunsa ngati pali malo. Mmodzi anayankha kuti amudziwitsa, enawo sanayankhe. Podikira, anayamba kuumba njerwa kuseri kwa bwinja la mayi ake, kuti mvula ikamadzayamba adzakhale ndi chipinda chakechake.

Sabata yachiwiri ya Sepitembala, chakumasana, foni inalira iye ali m'dzenje la dothi, matope mpaka m'maondo. Anatuluka, napukuta dzanja limodzi paudzu. Anali a Kachiwanda. Atapatsana moni anamuuza kuti tsamba lija lakana kuyambira m'mawa, ndipo malangizo a pakatoni awatsata onse koma palibe chasintha.

Saulosi anawapempha kuti alowe m'chipindamo. Anawafunsa ngati fani ya kompyuta ikumveka, iwo anati ikumveka. Anawafunsa ngati pakarauta kakukhoma kaja pakuyaka timagetsi tobiriwira. Panadutsa kanthawi, mpando ukukhululuzidwa pansi, kenako anati palibe kalikonse kakuyaka.

“Tsatirani chingwe chake chakuda mpaka kusoketi,” anatero Saulosi. “Mwapeza chiyani?”

“Pali chaja ya foni.” A Kachiwanda anatsitsa mawu. “Ndi ya mphunzitsi wathu watsopano. Sindinamuuze.”

Anabwezera pulagi. Saulosi anawauza kuti adikire mphindi ziwiri. Kumbuyo kwawo ankamva phokoso la sukulu yotsegula, mabenchi akukokedwa, mtsikana wina akuitana mnzake, mphunzitsi akukalipira ochedwa. Anakanikiza foni kukhutu.

“Yatseguka,” anatero a Kachiwanda.

Anamuuzanso mwachangu kuti alola ana kubwera ndi mafoni Lachiwiri ndi Lachisanu akaweruka, kuti amakhala asanu kapena asanu ndi mmodzi pafoni imodzi akukopera m'makope, ndipo kuti a Fomu 4 apempha ngati angaikemonso masamu. Saulosi anati n'zotheka, mphunzitsi wa masamu angomuimbira, amuuza pochita. Ankafuna kufunsa zambiri, kuti ana akuwerenga mutu uti, kuti zithunzi zikuoneka bwino pamafoni ang'onoang'ono, kuti a Kachiwanda amuonako Tamanda popita kupulayimale. Anangoyamba funso loyamba pamene belu linalira kumbali inayo. A Kachiwanda anapepesa kuti ali ndi kalasi, namuthokoza, nadula.

Saulosi anaika foni m'thumba. Selina anatulukira pakona ya nyumba ndi ndowa ya madzi pamutu, nafunsa kuti anaimba ndani, kodi ndi za ntchito. Anayankha kuti ayi, ndi akusukulu, panali kanthu kakang'ono koma katheka. Anamuthandiza kutula ndowayo, nathira madziwo m'dzenje chifukwa dothi linali litayamba kulimba, natenga chikombole n'kulowanso.